Mlandu Suola: Za Ofufuza Imfa za ku Whitechapel ndi za ku Chilobwe

Akulu akale anati mlandu suola. Ponena mau amenewa anali kutanthauza kuti munthu wolakwa, ngakhale athawire kutali nakhalako zaka zambiri, tsiku lina adzakhala pansi pa bwalo ndi kuyankha. Koma ilipo mirandu ina imene siinaole, komanso siinathe. Anthu anaphedwa, maliro anaikidwa, apolisi anafunafuna kufikira kutopa, koma wambanda sanadziwike bwino lomwe mpaka lero lino. Mirandu yotere imabala mtundu wina wa anthu, ndiwo ofufuza odzituma okha. Iwo sali apolisi kapena oweruza. Ena ndi aphunzitsi, ena akalaliki a m'maofesi, ena amalonda, amene pa nthawi yao yopuma amawerenga makalata akale ndi kuyesa kumasula mfundo imene inakanika akatswiri.

Masiku ano mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu ku Mpanshya, malinga akhale ndi foni yogwira intaneti, angathe kuwerenga nkhani zotere ali pa khonde la kwao, ndipo zambiri zimene adzazipeza zidzakhala za wambanda mmodzi wa ku London wochedwa Jack the Ripper. Ndi bwino tsono kuti mabuku a ofufuza amenewa apetedwe m'licero, mphale ipite kwina ndi gaga kwina. Ndi bwinonso kuwalinganiza ndi zimene zinalembedwa za mlandu wina wa kufupi, wa anthu olankhula Cinyanja, ndiwo mlandu wa imfa za ku Chilobwe m'dziko la Malawi; pakuti kumeneko nkumene kunaoneka poyera kuti kuchula dzina la munthu popanda umboni si masewera.

Zimene zinacitika ku Whitechapel

M'caka ca 1888, pamene Mfumukazi Victoria inali pa mpando wa ufumu wa Mangalande, dera la Whitechapel, kum'mawa kwa mzinda wa London, linali malo a amphawi. Anthu anali kugona mothithikana m'nyumba zolipira usiku umodzi umodzi, ndipo wosowa makobiri anai a kama anali kugona mu mseu. Kuyambira pa 31 August kufikira pa 9 November akazi asanu anaphedwa ndi mpeni usiku. Maina ao ndi awa: Mary Ann Nichols, Annie Chapman, Elizabeth Stride, Catherine Eddowes ndi Mary Jane Kelly. Stride ndi Eddowes anaphedwa usiku umodzi, pa 30 September. Anai oyambawo anaphedwera panja, wotsirizayo m'cipinda cace. M'kaundula wa apolisi munalembedwa imfa 11 za m'dera lomwelo kuyambira 1888 kufikira 1891, koma zisanu izi ndizo zimene anthu ambiri amati zinacitika ndi dzanja limodzi.

Dzina lakuti Jack the Ripper, ndiko kunena Jack Wotumbula, silinacokere kwa mboni iri yonse. Linalembedwa pansi pa kalata imene inafika ku ofesi ya atolankhani ya Central News Agency pa 27 September 1888, ndipo pambuyo pace akulu ena a polisi anakhulupirira kuti kalatayo anailemba ndi mtolankhani wofuna kuti nkhani igulidwe. Makalata ena mazanamazana anatsatira, ambiri a iwo olembedwa ndi anthu oseleula. Motero cinthu coyamba cimene munthu ali yense amadziwa za mlanduwu, ndilo dzinalo, nacokha ncokaikitsa.

Dzina limeneli lisanamveke, anthu anali atapeza kale munthu womuloza cala. John Pizer, Myuda wosoka nsapato, anabisala m'nyumba ya abale ace poopa khamu la anthu, nagwidwa ndi apolisi pa 10 September. Koma anamasulidwa pamene kunadziwika kuti pa masiku a imfazo iye anali kwina. M'caka ca 1894 mkulu wina wa polisi, Melville Macnaghten, analemba maina atatu a anthu amene anali kuwaganizira: Montague Druitt, Kosminski ndi Michael Ostrog. Palibe mmodzi wa iwo amene anazengedwa mlandu wa imfazi. Kucokera pamenepo maina acuruka, kotero kuti anthu oposa 100 akhala akuchulidwa m'mabuku, ndipo nchito yofufuzayi inapatsidwa ndi dzina lacelace m'Cingerezi, ngati kuti ndi phunziro la ku sukulu.

Mabuku osaka dzina

Mabuku ochuka kwambiri pa nkhaniyi ali ndi nthenda imodzi: wolemba amayamba wasankha munthu, ndipo pambuyo pace amafuna umboni womuyenera, monga mmisiri amene wayamba kupala citseko asanayeze khomo, kenaka nkumagumula cipupa kuti citsekoco cilowe.

Stephen Knight, m'buku lace la 1976 lochedwa Jack the Ripper: The Final Solution, anati akaziwo anaphedwa cifukwa anadziwa cinsinsi ca ukwati wobisika wa Prince Albert Victor, mdzukulu wa Mfumukazi, ndi kuti wowapha anali Sir William Gull, sing'anga wa ku nyumba yacifumu. Bukuli limakoma powerenga, pakuti muli mafumu, cinsinsi ndi ciwembu. Koma Gull anali nkhalamba ya zaka 71 imene inali itagwidwa ndi nthenda yofa ziwalo caka ca 1887. Ndipo Joseph Gorman, munthu amene anapatsa Knight nkhani yonseyi, anauza nyuzipepala ya Sunday Times m'caka ca 1978 kuti anangoipeka. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Cokhumudwitsa ncakuti bodza limeneli silinafe, koma linalowa m'mafilimu ndi m'mabuku a zithunzi, ndipo anthu ambiri amalidziwa koposa coonadi.

M'caka ca 1992 munthu wina wa ku Liverpool, Michael Barrett, anaturutsa buku lolembedwa pamanja, nati linali la James Maybrick, wamalonda a thonje amene anamwalira mu 1889, ndi kuti m'menemo Maybrick anaulula kuti wambanda uja anali iye. Mu 1995 Barrett analumbira kuti bukulo linali lopeka, ndipo pa nthawi zina anasinthanso mau ace. Munthu wa mau awiri otere sangakhale mzati womangapo nyumba, komabe alipo ofufuza amene akangana za inki ndi pepala la bukulo zaka zoposa makumi atatu.

Patricia Cornwell, mai wolemba nthano za apolisi wa ku America, anaononga cuma cambiri kugula zithunzi ndi makalata a Walter Sickert, katswiri wojambula, ndipo m'buku lace la 2002, Portrait of a Killer, ananena kuti mlandu watha. Umboni wace waukulu unali wolumikiza Sickert ndi ena a makalata aja amene anatumizidwa kwa apolisi ndi atolankhani. Koma ngakhale kutatsimikizika kuti munthu analemba kalata yonyoza apolisi, kulemba kalata si kupha munthu. Ndiponso makalata a pa banja la Sickert amasonyeza kuti iye anali ku France m'nyengo imene ena a akaziwo anaphedwa.

Russell Edwards anagula nsaru yofunda pa malonda a okushoni mu 2007, imene anthu amati inapezeka pa mtembo wa Catherine Eddowes. M'buku lace la 2014, Naming Jack the Ripper, anati kupima kwa DNA kwasonyeza kuti wambanda anali Aaron Kosminski, Myuda wometa tsitsi wocokera ku Poland, amene anatsekeredwa m'cipatala ca amisala mu 1891 namwalira mu 1919. Mau akuti DNA amaopsa munthu wosaphunzira za sayansi, ndipo iye amangovomera. Koma nsaruyo mulibe m'ndandanda wa katundu wa Eddowes umene apolisi analemba. Yagwiridwa ndi manja osawerengeka pa zaka zoposa 100. Ndipo mtundu wa DNA umene unapimidwa ndi uja wotengera kwa amai, umene anthu ambirimbiri osadziwana angafanane nao. Makina apime bwino cotani, sangathe kunena kumene nsaru inacokera.

Pa mabuku onsewa pali cinthu cimodzi coyenera kucizindikira: onse ochulidwawo ndi akufa, ndipo wakufa sadziwa kudzikanira. Ncifukwa cace olembawo amalimba mtima.

Mabuku awiri olemera

Si ofufuza onse amene ali otero. Philip Sugden, m'buku lace la 1994, The Complete History of Jack the Ripper, anasiya zimene olemba anzace anali kukopera wina kwa mnzace, nabwerera ku makalata enieni a apolisi ndi a mabwalo ofufuza za imfa. Anasonyeza zolakwa zambiri zimene zinali zitasanduka ngati zoona cifukwa ca kubwerezedwa. Iye yemweyo anapeza m'makalata a boma la France kuti Michael Ostrog, mmodzi wa atatu a Macnaghten aja, anali m'ndende ku France pa nthawi ya imfazo. Potsiriza Sugden anayesa oganiziridwa onse akuluakulu, nanena kuti palibe mmodzi amene umboni ukumkwanira. Wowerenga wofuna dzina amatseka bukuli ali wosakhuta, koma bukuli linacotsa munthu mmodzi pa mlandu umene sanaucite, ndipo imeneyo ndi nchito yoposa kuonjezapo maina khumi.

Hallie Rubenhold, m'buku lace la 2019 lochedwa The Five, anatembenuza funso lonse. M'malo mofunsa kuti wakupha anali yani, anafunsa kuti ophedwa anali ayani. Wowerenga amaphunzira kuti Nichols anali mwana wa wosula zitsulo ndiponso mai wa ana asanu. Kuti Chapman anali mkazi wa woyendetsa gareta wa munthu wolemera kufupi ndi Windsor. Kuti Stride anabadwira ku Sweden ndipo nthawi ina anali ndi nyumba yogulitsiramo khofi. Kuti Eddowes anayendayenda m'midzi kugulitsa timabuku ta nyimbo. Umphawi, mowa, imfa za ana ndi kutha kwa maukwati ndizo zinawagwetsera mu mseu. Zaka zonsezi akaziwa anali kuchulidwa ndi liu limodzi lonyoza, lakuti mahule, ngati kuti liulo likufotokoza cifukwa cace anafa. Rubenhold anasonyeza kuti pa atatu a iwo umboni wa liu limeneli ngwocepa. Bukuli liri ndi cilema cace: pamene wolembayo anena kuti akaziwo anaphedwa ali m'tulo, wapitirira pamene umboni ulekeza, ndipo wacita cimene iye mwini amatsutsa mwa ena. Komabe anabwezera anthu asanu umunthu wao, cinthu cimene mabuku mazana osaka dzina sanacilabadire.

Usiku wa ku Chilobwe

Chilobwe ndi komboni ya kum'mwera kwa mzinda wa Blantyre, m'tsinde mwa phiri la Soche. Kuyambira mwezi wa September 1968 kufikira March 1970 anthu osacepera 30 anaphedwa kumeneko ndi m'makomboni ena ozungulira mzindawo. Kusiyana kwace ndi Whitechapel nkwakuti ambiri anaphedwera m'nyumba zao zomwe, usiku, ndipo mitembo ina inapezeka itadulidwadulidwa. Munthu anali kutseka citseko cace madzulo osadziwa ngati kudzamcera.

Pamene apolisi anacedwa kupeza wolakwa, mphekesera inadzaza malo a umboni. Anthu ananong'onezana kuti Boma lomwe ndilo likutuma zigawengazo, kuti magazi a ophedwa atumizidwe ku South Africa kukabweza ngongole. Mau amenewa sanagwe kucokera kumwamba. M'caka ca 1967 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linapangana ubale ndi boma la Azungu la South Africa, pamene maiko ena a mu Africa anali kulikana cifukwa ca tsankho lace. Boma lomwelo ndilo linabwereketsa ndarama zoyambira kumanga likulu latsopano ku Lilongwe, ndipo amuna zikwi zambiri anali kutengedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Joni. Munthu wamba anaona ndarama zikubwera ndi anthu akupita, ndipo anadzifunsa kuti malipiro ace a zonsezi nciani. Umboni wakuti magazi anagulitsidwa sunapezeke konse. Koma mphekeserayo inanena mwa fanizo cinthu cimene munthu sakanatha kucinena poyera masiku amenewo.

Dr. Banda anaona kuti nkhaniyi ikudetsa boma lace, ndipo naye anapereka yankho lace: anati imfazo zinali nchito ya nduna zakale zimene zinapatukana naye mu 1964 ndi otsatira ao. Motero panali nthano ziwiri zolimbana, ya anthu ndi ya Boma, ndipo zonse ziwiri zinali zitachula wolakwa umboni usanafike.

Mtengo wa kufulumira

M'caka ca 1969 amuna asanu anaimbidwa mlandu pa Bwalo Lalikuru, koma anamasulidwa cifukwa umboni unali wosakwanira. Anthu anakwiya, ndipo m'Nyumba ya Malamulo aphungu ndi nduna anadzudzula oweruza acizungu ndi malamulo a Cingerezi, nati amapulumutsa olakwa. Kumapeto kwa caka comweco lamulo linasinthidwa, kuti mirandu ya kupha iziweruzidwa m'mabwalo ochedwa a makolo, m'mene oweruza ambiri anali mafumu ndipo woimbidwa mlandu sanali kuloledwa kukhala ndi loya. Oweruza acizungu a Bwalo Lalikuru anatula pansi nchito. Gomile Kumtumanji, nduna yoyang'anira cigawo ca kum'mwera, anacotsedwa pa mpando ponenedwa kuti anali ndi dzanja pa imfazo, natsekeredwa m'ndende kufikira imfa yace mu 1990.

M'mwezi wa March 1970 apolisi anagwira munthu wina dzina lace Walla Laini Kawisa. Iye anaulula kangapo, koma maululo ace sanali kugwirizana, ndipo anavomera zina za imfazo, osati zonse. Bwalo la makolo linamuweruza kuti aphedwe. Akatswiri ambiri a mbiri amene anasanthula nkhaniyi amakaika kuti munthu mmodzi yekha akanatha kucita zonse zija. Ncifukwa cace mlandu wa Chilobwe umawerengedwa pakati pa mirandu yosatha, ngakhale kuti bwalo linagamula.

Apa pali cinthu cimene wowerenga ayenera kuimapo. Ngati Kawisa anali wolakwa monga bwalo linanenera, ndiye kuti woweruza amene anamasula amuna asanu aja anacita bwino, ndipo mkwiyo umene unasintha malamulo a dziko unali wolakwika. Koma malamulowo sanabwezedwe. Mabwalo omwewo ndiwo anaweruza Albert Muwalo, amene ananyongedwa mu 1977, ndiponso Orton Chirwa ndi mkazi wace Vera, amene anagwidwa mu December 1981 ku malire a Zambia ndi Malawi kufupi ndi Chipata, naweruzidwa kuti aphedwe mu 1983. Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya za cilungamo m'dzikomo, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mabwalowa anatha mphamvu pamene ulamuliro wa cipani cimodzi unagwa, m'zaka za 1993 ndi 1994. Njala yofuna dzina msanga inabala cida cimene cinalasa anthu zaka zoposa makumi awiri.

Zimene zinalembedwa za Chilobwe

Mabuku a Whitechapel angadzaze nyumba, koma zolembedwa za Chilobwe nzowerengeka. Cifukwa cace ncodziwika: m'masiku a Dr. Banda munthu wofunsafunsa za nkhaniyi akanadziitanira ndende, motero ofufuza odzituma okha sanathe kumera.

Paul Brietzke, katswiri wa malamulo, analemba nkhani yochedwa The Chilobwe Murders Trial m'magazini ya African Studies Review mu 1974. Ubwino wace ngwakuti inalembedwa zinthu zikali zaziwisi, ndipo imalondola m'mene mlandu wa Kawisa unayendera m'bwalo latsopanolo, osathamangira kuchula ciwembu ca uje kapena uje. Kupereweza kwace nkwakuti maso a loya amakhala pa bwalo: pa woimbidwa mlandu, pa oweruza ndi pa malamulo a umboni. Mai amene anagona ndi mpeni kumutu miyezi khumi ndi isanu ndi itatu saoneka kwenikweni m'zolemba za mtundu umenewu.

Joey Power, m'buku lace la 2010 lochedwa Political Culture and Nationalism in Malawi, anaika imfazi pakati pa mbiri ya ndale za dzikolo, pogwiritsa nchito makalata a boma pamodzi ndi mau a anthu amene anaceza nao. Njira imeneyi imatenga mphekesera monga umboni wa zimene anthu anali kuopa, osati monga umboni wa zimene zinacitika. Kusiyanitsa kumeneku ndiko mutu wa nzeru yonse ya wofufuza. Ndi njira yomweyo imene anatsata Mwelwa Musambachime wa ku Zambia, m'nkhani yace ya 1988 yonena za banyama, anthu amene ankanenedwa kuti amagwira anzao ndi kuwapopa magazi m'dziko la Northern Rhodesia kuyambira m'zaka za 1930 kufikira 1964. Ndiponso Luise White m'buku lace la 2000, Speaking with Vampires. Olemba awa sanataye nthawi kufunsa ngati banyama analikodi. Anafunsa cifukwa cace anthu anzeru zao anakhulupirira, ndi cifukwa cace cala cinaloza anchito a boma a za nyama ndi tsetse, a zipatala, ngakhale ansembe. Wowerenga amene wamva za banyama kwa agogo ace adzazindikira msanga kuti mphekesera ya ku Chilobwe inali ndi makolo ace.

Pa kusamala ndi umboni, zolembedwa zocepa za Chilobwe zimaposa mabuku ambiri a Whitechapel. Koma ziri ndi kusowa kuwiri. Coyamba, zonse ziri m'Cingerezi ca masukulu apamwamba, m'mabuku a mtengo wapatali, kotero kuti ana ndi adzukulu a ophedwawo sangazipeze. Caciwiri, Chilobwe sanapezebe womlembera monga Rubenhold analembera akazi a ku London. Mwana wa sukulu wa ku Lusaka kapena ku Blantyre angathe kuchula Mary Jane Kelly, koma akafunsidwa za Chilobwe amangodziwa nambala ya 30.

Nchito imene yatsalira wofufuza wamba

Apa mpamene munthu wotsiriza sukulu, wodziwa cinenero ca anthu ndi mwambo wolowera pa khomo la mkulu, angapose profesa wocokera kutsidya la nyanja. Za Whitechapel palibenso mboni yamoyo, ndipo pepala liri lonse latembenuzidwa kambirimbiri. Woyamba lero kufufuza kumeneko akukunkha m'munda mokolola kale. Koma amene anali anyamata ndi atsikana ku Blantyre mu 1969 alipo ena, ndipo apyola zaka 70. Caka ciri conse maliro amacotsa mboni zimene palibe anazifunsa. Ndiponso si Chilobwe yekha. M'caka ca 1980 akazi ambiri anaphedwa mopotoledwa khosi mu mzinda wa Lusaka, ndipo msilikali amene anagwidwa anafa pogwa kucokera pa denga la polisi yaikuru ya mumzindawo mlandu wace usanaweruzidwe, kotero kuti umboni sunayesedwe pa bwalo. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mseu wa Great East Road, monga a kwa Mpanshya, akhala akupita ku Lusaka kukagwira nchito ndi kukagulitsa malonda kuyambira kale, ndipo mwa akulu amene anali mumzindamo caka cimeneco muli mbiri imene siinalembedwe.

Koma wofuna nchito imeneyi atenge maphunziro amene mabuku aja apereka. Polemba mau a mkulu, asiyanitse zimene mkuluyo anaona ndi maso ace, zimene anauzidwa ndi woona, ndi zimene zinangomveka m'mudzi. Zitatuzi zisalowe m'thumba limodzi. Alembe tsiku ndi malo amene anamvera mauwo. Nkhani imene yamveka kwa anthu khumi, koma onsewo anaimva kwa munthu mmodzi, aiwerenge ngati mboni imodzi. Akapeza cinthu cotsutsa ganizo lace, acilembe pamalo poonekera, monga anacitira Sugden. Ayambe ndi ophedwa: anali ayani, anacokera mudzi uti, anagwira nchito yanji, anasiya ana angati, ndipo apemphe cilolezo ca abale asanalembe dzina la munthu wao. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Koposa zonse asachule munthu kuti ndi wambanda pamene bwalo silinamtsutse. Wolemba wa ku London akanamizira Sickert kapena Gull, amene amavutika ndi mbiri ya munthu wakufa kalekale. Kuno sizitero, pakuti mwana ndi mdzukulu wa wochulidwayo amatunga madzi pa citsime cimodzi ndi ana a wophedwa. Ndipo mphekesera ya magazi siinafe. Mu 2017 anthu angapo anaphedwa ndi makamu a anthu kum'mwera kwa Malawi, m'maboma monga Mulanje ndi Phalombe, ponenedwa kuti ndi anamapopa. Kuciyambi kwa 2020 anthu makumi angapo anaphedwa comweco m'Zambia, poganiziridwa kuti amathira mpweya wogonetsa anthu m'nyumba. Ena a ophedwawo anali alendo odutsa, odwala misala, kapena anthu amene mdima unawapeza pa njira. Foni imene imabweretsa nkhani za Jack the Ripper ku Mpanshya ndi yomweyo imene ingafalitse dzina la munthu wosalakwa m'midzi khumi dzuwa lisanalowe. Ndiponso pa malo pamene pali cipatala, monga ca Mishoni ca St Luke's ku Mpanshya komweko, mphekesera ya opopa magazi ikazika mizu, woyamba kuvutika ndi wodwala amene aopa kupimidwa, ndi mai amene wataya magazi pobereka nasowa wompatsa.

Buku la wofufuza, tsono, lisayesedwe ndi kulimba kwa mau ace kapena ndi kukula kwa dzina limene lavumbulutsa. Liyesedwe ndi mafunso atatu: kodi lanena kumene umboni wace unacokera; kodi laima pamene umboniwo waima; kodi lakumbukira kuti ophedwawo anali anthu. Pa muyeso umenewu Knight, Cornwell ndi Edwards amapepuka, ngakhale mabuku ao anagulidwa kwambiri. Sugden ndi Rubenhold amalemera, yense ndi mbali yace. Ndipo olemba za Chilobwe anayala maziko abwino, koma nyumba yace siinamangidwe m'cinenero ca eni maliro. Mlandu suola ndithu. Koma mboni zimakalamba, ndipo amene afuna kumva mau ao ayenera kunyamuka zikali moyo.